Makilomita Khumi ndi Anayi

Ndinawayendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
a Zuze Nyakamba, mwana wa mlimi wa thonje,
amene ali mnyamata ankakankha ngolo ya atate awo
ikatitimira m'makande kufika m'mikombero.
Chala chopindika chija chinathyokera komweko,
pansi pa gudumu, ng'ombe zitadzidzimuka.
Pa msonkhano uliwonse ankachikweza m'mwamba
anthu n'kuwomba m'manja ngati chala ndiye phula.

Ukhansala anauyamba pa njinga yopanda mabuleki,
uphungu unawapeza ali ndi jekete imodzi.
Tsiku lomwe wailesi inati misewu ya boma
aziyang'anira ndi iwo,
kwathu anapha mbuzi zitatu,
amayi anavina utse mpaka fumbi linabisa dzuwa.

Ku likulu anaphunzira kuwerenga mapu:
mizere yofiira, mizere yodukizadukiza.
Wathu unali wodukizadukiza.
"Bwana, nanga kumudzi?" ndinkafunsa ndili pa chiwongolero.
"Yendetsa, Fulaide. Ndalama ili ndi eni ake."
Anadula maliboni kumapiri, kumpoto, m'matauni,
lumo lawo ndinkalisunga ine.

Sindibisa, poti maliro sabisa.
Envulopu ya kontirakita ndinainyamulapo, sindinatsegule.
Ndipo msewu wathu utabwera
unakhota pang'ono, mwaulemu,
kukapereka moni pa chigayo chawo.

Analonjeza makilomita makumi asanu ndi limodzi.
Tinalandira khumi ndi anayi.
Phula linathera pa mlambe, mwadzidzidzi,
ngati munthu woiwala chimene amanena.
Anyamata a kabaza anautcha Lilime la a Zuze:
lalitali ndithu, koma silifika kulikonse.

Chomwe anyamatawo sanaone ndinachiona ine,
masana ena a Okutobala, nsapato zikumata pansi,
bwana akukalipira mainjiniya atatu a zipewa zoyera:
"Kwezani. Onjezani dothi. Kwezaninso.
Inu Shire mumamuwerenga m'buku,
ine anandilandapo mlongo."
Dothi lokwezera lija linadya makilomita enawo,
kapena linadya theka, theka linadyedwa kwina,
ine ndine dalaivala chabe.

Chisankho chinawagwetsa.
Pa Bangula anatigenda ndi zibuluma,
galimoto ya boma tinakabweza ndi makiyi ake awiri.
Anakhala pakhonde, shuga ikuwadya maso,
akumvera malole akudutsa osaliza huta.

Kenaka usiku uja wa Januwale.
Madzi sanagogode, analowa ngati mwini nyumba.
Mapira, nkhokwe, makola, manda,
zonse zinakhala mtsinje umodzi.
Ndipo mumdima aliyense anathawira kumodzi,
ku Lilime.
Kutacha, makilomita khumi ndi anayi anali anthu okhaokha,
mbuzi, abakha, mphasa, mipando ya tchalitchi,
madzi akunyambita m'mbali, osakwera.
Mayi wina anachira pafupi ndi kalavati,
mwanayo mpaka lero ndi Phula.

Iwonso anali pomwepo, atafunda thumba la feteleza.
Palibe anawomba m'manja.
Mnyamata wina wa kabaza, sindikudziwa ngati anawazindikira,
anawagawira nyika zowiritsa ziwiri
n'kupitiriza.
Anadya mwakachetechete, chala chija chikunjenjemera.

Dzulo tinawatenga kuchipatala ulendo womaliza.
Pa phula ambulansi inayenda ngati ikusisita mwana.
Pa mlambe inaima.
Bokosi tinalikweza pa ngolo,
ndipo tisanafike patali
ngolo inatitimira m'makande kufika m'mikombero.

Tinavula nsapato,
amene anawavotera ndi amene anawagenda,
tinaika mapewa pa thabwa limodzi.
Wina anatukwana chapansipansi, wina anaseka,
ine ndinayang'ana gudumu, n'kubweza zala zanga,
ndipo tinakankha.